Sutikesi pa Sikelo ya Tiyi

Ine mawu amandithera pakhosi. Munthu akandipempha kanthu, yankho limabwera bwinobwino m'mutu, lomveka ndithu, koma likafika pakamwa limangotuluka kuti "chabwino". Ndi mmene ndinabadwira. Kusekondale ndinakhala pa benchi yakumbuyo mpaka kumaliza, moti aphunzitsi ena anamva mawu anga koyamba tsiku lotsanzikana. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene sutikesi yanga inadzazira ndi katundu wa eni, ine mwiniwake ndili pomwepo ndikuyang'ana.

Azakhali anga a Teleza, mlongo wawo wa Ababa, amagwira ntchito ku Durban. Amasamalira gogo wina wa kumeneko amene sayenda, amangokhala pa chikuku. Ana a gogoyo anakonza zoti banja lonse likakwere sitima yapamadzi, ija yaikulu yokhala ndi zipinda zogona ndi malo odyera m'kati mwake, yongoyenda pa nyanja yamchere masiku angapo anthu akupuma, kenako n'kubwerera pomwe inanyamukira. Panafunika munthu wachiwiri woti azithandiza azakhali kunyamula gogoyo, kumusambitsa ndi kumukankha pa chikuku. Azakhali anatchula dzina langa.

"Tamvera Madalo," anatero pa foni ya Ababa. "Uku si kokaona nyanja ayi. Ndi mayeso. Akakaona kuti uli ndi manja abwino akusunga, ndipo anena kale kuti angakulipirire kosi yosamalira odwala. Wandimva?"

"Chabwino," ndinatero. Koma ameneyu anali chabwino weniweni, wochokera pansi pa mtima.

Mayeso a Folomu 4 ndinakhoza, kungoti mapointi anga sanali oti n'kulowera ku yunivesite. Chitulukire zotsatira ndinkangokhala pakhomo, kumalaini a esiteti, kuphika ndi kutunga madzi, ndikudziwa kuti mvula ikakhazikika nanenso ndikalembetsa dengu n'kuyamba kutchola tiyi pambali pa Amayi. Sindikunyoza dengu, ndi lomwe landilera. Koma ndinkafuna unamwino kuyambira ndili wamng'ono, ndipo sindinauzepo munthu kupatula azakhali.

Pasipoti inatuluka, tikiti ya ndege inabwera pa foni. Azakhali ananena malamulo awo momveka. Sutikesi ikhale imodzi, isapitirire makilo 23. Mukhale mathalauza akuda awiri, mabulauzi oyera, nsapato zotseka zosaterera, juzi chifukwa panyanja usiku pamazizira, ndi diresi limodzi labwino la tsiku limene onse amadya pamodzi atatchena. "Ukabwera wopanda zimenezi sindingakukweze sitima," anatero. "Ine pano ndilibe nthawi yokagula zinthu m'tauni, ndipo anthu awa amaona zovala asanaone nkhope."

Sutikesi tinabwereka kwa aphunzitsi ena a kupulayimale, yabuluu, ya mateyala awiri, limodzi lake lolira. Ndinachapa zonse, n'kusita ndi simbi yamakala, n'kuzipinda. Pamwamba ndinaika buku langa la Bayoloje, lija lothothoka chikuto, lomwe ndinkati ndiziwerenga gogo akagona. Zonse zinangofika theka la sutikesi. Ndinkaitsegula kangapo pa tsiku, kungoyang'ana.

Theka lopanda kanthulo ndi lomwe linandipalamulira.

Kwathu kuno munthu sapita ku Joni chimanjamanja. Nyumba iliyonse pamalaini ili ndi mwana kapena mwamuna kumeneko, ndipo aliyense wokwera basi yopita uko amanyamula maphukusi a anzake. Pofika, eni ake amakhala akudikira pa siteji, aliyense n'kulandira lake. Palibe amapempha mochita kugwada, ndipo palibe amakana. Amayi anangouza munthu mmodzi kumpopi kuti Madalo akupita, ndipo tsiku lomwelo kusanade tinamva "odi".

Anali mayi a Joel, a nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Mawu awo amamveka kuchokera kumunda mpaka kufakitale.

"Odi kuno! Kodi a pailoti alipo?"

Ndinatuluka, n'kunjuta.

"Eee, taonani mwana wathu! Wakwera ndege asanakwere ndi basi ya ku Lilongwe yomwe!" Anatsitsa jumbo yaikulu pakhonde. "Ka ufa aka n'ka Joel. Woyera, ndakonola ndekha. Umu muli nandolo. Adzakudikira pa siteji ku Joni, ndamuuza kale. Ukangotsika umuona, wanenepa masiku ano, akuti ndi nkhuku za kumeneko."

Ine ndinkadziwa kuti ku Joni sindikatsika ngati wa basi. Azakhali anali atandifotokozera kuti ndikangosintha ndege m'kati mwa chinyumba chomwecho, mothamanga, ndipo sindikakhala ndi mpata wofunafuna munthu panja. M'mutu ndinawafotokozera mayi a Joel zonsezi mwadongosolo, mwaulemu.

"Chabwino," ndinatero.

M'mawa mwake kunabwera mayi a Angel ndi chitenje chatsopano ndi mfutso wa nkhwani, za mwana wawo wa ku Cape Town. "Kepi ndi Durban si moyandikana? Zonse zili kunyanja," anatero. Kunabwera wina ndi mtedza, wina ndi botolo la tsabola wa kambuzi, wina ndi mapeyala osapsa akuti akapsera m'njira. Abambo ena a kufakitale anabweretsa nsapato za mwana wawo zimene anaiwala chaka chatha. Pomalizira panafika a Tinenenji, mayi wachikulire amene akutcholabe tiyi ngakhale msana unapindika. Iwo salankhula zambiri, ndipo Chichewa chawo chimatsamira ku Chilomwe. Anakhala pansi pakhonde, n'kukankhira phukusi lolemera kumapazi anga. Munali makaka, chinangwa chouma chija, ndi nyemba za kalongonda.

"Yesaya," anatero. "Ku Durban. Amalondera magalimoto pamsika. Nambala ili pa foni ya bambo ako."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kuwonjezera kuti, "Amakonda zimenezi. Chichokere sanadye."

Mwina mukuti bwanji Amayi sanandikanire. Chaka chatha Amayi anatupa mwendo nyengo ya mvula, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo wolephera makilo amamuchotsa pa gulu. Ankapita kumunda akutsimphina, osatha kuyenda ndi mzere. Azimayi a gulu lawo, omwewa, aliyense podutsa ankaponya masamba odzaza manja awiri m'dengu la Amayi kapitawo akayang'ana kumbali. Anachita zimenezo mpaka mwendo unaphwa. Amene anayambitsa anali mayi a Joel. Ndiye munthu wotero akabwera ndi jumbo ya ufa, umayambira pati kunena kuti ayi?

Kutatsala masiku ochepa, Amayi anakhala pamphasa ndi sutikesi n'kuyamba kulongedza okha. Maphukusi analowa onse. Anawonjezeramo ufa wawo wa azakhali, chifukwa munthu amene wakupezera mwayi sungamupitire manja lendelende, ndi bulangete langa lakusukulu. Zovala zanga ndi zomwe zinayamba kutuluka.

"Mathalauza awiri n'ngachiyani? Uzichapa imodzi yomweyo."

"Azakhali anati awiri."

"Azakhali ako anazolowera zachizungu. Juzi iyi uvala pathupi. Mabulauzi uvala awiri, ina pamwamba pa inzake. Bukuli ukawerenga ukabwerako."

Anaika zonse pambali, pa mpando. Ababa anakhala pamwamba pa sutikesi kuti zipi itseke, ndipo inatseka ikudandaula. Nditayesa kuinyamula, inangotukuka mbali imodzi.

Madzulo amenewo azakhali anaimba.

"Mwayeza?"

"Sitinayeze."

"Kayezeni. Pa Chileka sadziwa kuti mayi a uje ndi ndani. Ikapitirira akakuuza kuti ulipire ndalama zimene ulibe, kapena utaye katundu pompo, pamaso pa anthu. Ndipo ndege sidikira munthu amene akulira. Zovala zantchito zili momo?"

Ndinayang'ana pa mpando paja.

"Madalo, ndikufunsa."

"Tikonza, azakhali."

Nditadula foni ndinaona bwinobwino mmene zikathere. Ndikafika pa Chileka ndi katundu wa anthu, akandibweza naye, ndikatayira ufa wa Joel ndi kalongonda wa Yesaya m'bini, kenako ndikafika ku Durban ndi thalauza imodzi, azakhali n'kundisiya pamtunda sitima ikupita. Anthu akwathu ndikawakhumudwitsa, ntchito ndikaiphonya, zonse chifukwa choopa kutsegula pakamwa.

Sikelo yotha kunyamula chinthu chotero kuno ndi imodzi yokha, ya kumunda, yoyezera tiyi. Ababa anakapempha kwa a Blackson, kalaliki amene amalemba makilo a otchola. Anabwerako ndi yankho loti sikelo sigona kunyumba kwa kalaliki. Imabwera ndi thirakitala nthawi yoyeza masana, ndipo imabwerera ndi thirakitala yomweyo. Ndikafuna, ndipite nayo sutikesi pamenepo.

"Pamene pali gulu lonse?" ndinafunsa.

"Nanga ukufuna ayezere kuchipinda kwako?" anatero Ababa. "Ine ndili pa shifiti. Upita wekha."

M'mawa mwake kunali kamvula kowaza. Ndinakutira sutikesi ndi pulasitiki, mnyamata wa nyumba yoyandikana n'kunditwika pamutu. Zovala zija zinali pa mpando ndi buku ndinazimanga m'chitenje n'kubereka kumbuyo ngati mwana. Chifukwa chake sindinkachidziwa bwino, ndinkangoona kuti sindingazisiye. Ndinadutsa m'kanjira ka pakati pa tiyi, khosi likuphwanya, madzi a pamasamba akundinyowetsa siketi. Ndinkapemphera kuti ndikapeze anthu atamwazikana.

Ndinawapeza onse.

Kwa amene simunaonepo, poyezera tiyi pamakhala chonchi. Thirakitala imaima pansi pa mitengo ya bulugamu m'mphepete mwa munda. A kalaliki amapachika sikelo pa zitsulo zitatu. Munthu asanayezetse, amakhuthula dengu lake pa chiguduli n'kusankha. Chofunika ndi masamba awiri ndi kansonga. Okhwima, timitengo, zonse zimatayidwa pambali, ngakhale unazitchola ndi thukuta lako. Ukabisa, kapitawo amatapa dzanja limodzi, n'kukubweza kuti ukasankhenso. Palibe amakwiya nazo mpaka mawa. Azimayi eni ake amati pa sikelo palibe chibale.

"Eee! A pailoti asochera!" anakuwa mayi a Joel. "Chileka si kuno, mwanawe!"

Gulu lonse linaseka. Amayi anali atagwada pa chiguduli chawo, ndipo atandiona anangoweramitsa mutu n'kupitiriza kusankha.

A Blackson anandithandiza kutula. Anamangirira chingwe pa chogwirira n'kupachika. Manambala anavinavina, kenako anaima.

"Makilo 38!" analengeza ngati mmene amachitira ndi madengu. "Madalo, ndikulembere pa nambala ya mayi ako? Watsala pang'ono kukwanitsa ntchito ya tsiku!"

Anthu anasekanso. Ine ndinangoima. Zinali zotheka kunena zikomo, kusenza, n'kubwerera kunyumba kukalira. Mapazi anali atayamba kale kutembenuka. Koma ndinayang'ana ziguduli zija, ndi timilu ta masamba okhwima pambali pa chilichonse, otayidwa popanda mkangano. Ndinaganiza kuti anthu omwewa, amene pakhonde pathu sindingawakanire, pano amabwezedwa tsiku ndi tsiku ndipo amamvetsa.

"Ndege imalola 23," ndinatero.

"Ukuti chiyani?" anafunsa a Blackson. "Kweza mawu, thirakitala ikulira."

Ndinabwereza, koma sanamvebe. Anakweza dzanja kwa dalaivala, injini n'kuzima. Kunangoti zii, kumangomveka madontho akugwa m'mitengo. Bola phokoso lija. Sindinathe kuyang'ana nkhope ya munthu, choncho ndinayang'ana manambala a pa sikelo n'kumalankhula nawo.

"Ndege imalola makilo 23 basi. Zikapitirira amataya. Pano pali 38."

Ndinapempha chiguduli, mayi wina anandikankhira chake. Ndinatsitsa sutikesi, n'kutsegula, n'kutulutsa zonse, phukusi ndi phukusi. Kenako ndinamasula chitenje chakumbuyo, n'kuika zovala zantchito m'sutikesi yopanda kanthu ija.

"Izi ndi zogwirira ntchito," ndinatero. "Popanda izi sandikweza sitima. Ndi ngati dengu langa."

A Blackson anapachikanso osafunsa. "Leveni!"

Ndinatenga ufa wa Amayi, uja wa azakhali, n'kuuika kutali pambali, pamene amataya okhwima. Bulangete linatsatira. Ndinagwira buku langa la Bayoloje kanthawi, kenako nalonso ndinaliika pomwepo. Sindinayang'ane kumene kunali Amayi.

"Zathu ndachotsa," ndinatero. "Zotsalazi ndi zanu. Malo atsala a makilo 12. Ine sindingathe kusankha, nonse ndinu amayi anga. Musankhe nokha ngati mmene mumasankhira masamba."

Mawu anali atayamba kutha, koma panali chinthu chimodzi chotsala, chovuta kuposa zonse.

"Komanso ku Joni sindikaima. Ndikangosintha ndege m'kati, sindikatuluka panja. A Joel sindikawaona. Ku Kepi ndi kutali, sitima sipita kumeneko. Ndinayenera kunena tsiku lomwe lija. Ndinaopa."

Mayi a Joel anadzuka pa chiguduli chawo, manja m'chiuno.

"Ndiye ndege yake ndi yotani yosaima pa siteji?"

Wina anaseka, koma iwo sanaseke.

"Iwe mwana, sukulu yakupweteka eti? Watisonkhanitsa kuno kuti utichititse manyazi? Ufa wanga pa chiguduli ngati zinyalala? Mayi ako ali apo, afunse chaka chatha ankayenda bwanji m'mundamu!"

Amayi anasiya kusankha. Ndinadikira kuti andikalipire, kapena apepese m'malo mwanga, n'kubwezeramo zonse. Anapukuta manja pa epuloni yawo yapulasitiki, n'kulankhula osadzuka.

"Emma, za mwendo sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Koma taona pamene pali ufa wanga."

Mayi a Joel anayang'ana. Ufa wa Amayi unali uko, pamwamba pa masamba otayidwa, kamvula kakuwaza pa jumbo.

Woyamba kusuntha anali a Tinenenji. Anabwera pang'onopang'ono, atapindika, n'kugwira phukusi lawo la makaka kuti alichotse.

"Langa ndi lolemera," anatero. "Mwana apite."

"Iyayi, mayi, dikirani," anatero mayi a Angel, n'kuwagwira mkono. "Yesaya si ali ku Durban komweko? Madalo, ku Durban utsika?"

"Nditsika. Ndikagona kwa azakhali tisanakwere sitima."

"Basi, limeneli ndiye nsonga yeniyeni. A Blackson, tayezani ili."

Kuyambira pamenepo nkhani inachoka m'manja mwanga. Azimayi anazungulira chiguduli, n'kuyamba kusankha ndi liwiro lomwe lija la masiku onse, akukangana ngati pamsika.

"Mapeyala awa ndi a ndani? Akafika ali phala!"

"Ndi osapsa amenewo!"

"Nanga ku Joni kulibe mapeyala? Chotsa!"

"Botolo la tsabola likasweka pa mabulauzi oyerawa, mwana akaoneka ngati wapha mbuzi."

"Nsapato izi mwini wake ali kuti?"

"Ku Joni."

"Okhwima amenewo. Ponya uko."

Mayi a Angel anachotsa okha mfutso wawo, koma anagwira chitenje chija mokayika. Ndinawauza kuti chitenje n'chopepuka, ndipo azakhali amadziwa anthu a mabasi opita ku Kepi, angathe kuchitumiza. Ndinadabwa kumva mawu anga akutuluka osakonzekera. Chitenje chinalowa, mfutsonso anaubwezeramo chifukwa sunkalemera kanthu. Mtedza unali wa mtsikana wina amene amagwira ntchito kufupi ndi Durban, unalowa theka, theka linalo anthu anayamba kukazinga ndi mano pomwepo. Kapitawo anabwera kudzaona chimene chaimitsa mzere, n'kupezeka nayenso akunena kuti makaka aikidwe pansi, kumbali ya mateyala.

Mayi a Joel sanalowe nawo. Anatola jumbo yawo ya ufa ndi nandolo, n'kuziika m'dengu lawo lopanda kanthu, n'kukhala atatifulatira, akuyang'ana kuphiri.

A Blackson anapachikanso. "Twente!"

"Atsala atatu," anatero mayi a Angel. "Mayi a Madalo, bweretsani ufa wanu uja, tiupungule."

"Funsani mwini sutikesi," anatero Amayi.

Onse anandiyang'ana. Ndinapita pa mulu uja. Bulangete silinandivute, azakhali anati pa sitima zofunda zilipo. Ufa ndi buku ndi zomwe zinandiimitsa. Azakhali akhala zaka zambiri osalawa ufa wa kwathu, ndipo ndi iwo anandikumbukira. Koma bukulo linali langa, ndi chinthu chokhacho m'sutikesi yonse chimene palibe anandiuza kuti nditenge. Ndinatola buku. Kenako ndinapempha kajumbo kakang'ono, n'kutapa ufa wokwana kuphika kawiri kapena katatu.

"Azakhali alawe chabe," ndinatero.

"Makilo 22," anatero a Blackson. "Imira pompo. Ife tiyi akanyowa timachotsera kilo ya mvula. Nawenso siya kilo imodzi, masikelo safanana mtima."

Dalaivala analiza injini. Mzere unayambiranso, madengu akukwera pa sikelo limodzilimodzi. Ndinatseka zipi ndi zala ziwiri, popanda wokhalapo pamwamba. Ndinainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuiika pamutu ndekha.

Madzulo Amayi anafika kunyumba atasenza ufa wawo ndi bulangete. Anakhala pakhonde n'kuvula majombo. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndikudikira.

"Mawa ine ndi Emma tili mizere yoyandikana," anatero.

"Pepani, Amayi."

"Ndati upepese? Ndikungonena." Anatikita phazi lawo. "Emma ndimamudziwa, tinalowa ntchito chaka chimodzi. Akwiya mpaka tsiku lamalipiro. Ufa wakewo upita ndi basi ya mwezi wamawa, mlamu wake akupita." Anatembenukira kwa ine. "Ine mtima unali m'mwamba. Ndimati mwana uyu alira pamaso pa anthu, ndiye ndikamutola bwanji. Kodi mawu amenewa umawasunga kuti?"

Anandikoka khutu pang'ono, ngati mmene ankachitira ndili wamng'ono, n'kundiuza kuti ndikaike madzi pamoto.

Tsiku la ulendo kunacha kopanda mvula. Wa kabaza wa njinga yamoto anabwera kudzatitenga ine ndi Ababa kuti akatisiye kumsewu waukulu, kokakwera minibasi ya ku Limbe. A Tinenenji anali ataima panjira ndi dengu kumsana, anangokweza dzanja. Mayi a Joel anali akusesa pakhomo pawo, atatipatsa msana. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Njinga itayamba kuyenda, mawu aja anatipeza kumbuyo, omveka mpaka kufakitale.

"Iwe pailoti! Ukafika umuimbire Joel! Umuuze kuti nandolo wake tadya dzulo!"

Ababa anaseka mpaka wa kabaza anawapempha kuti akhazikike.

Pa Chileka ndinali ndisanafikepo. Ndinaima pa mzere ndi pasipoti m'manja, thukuta likuinyowetsa, Ababa ali pambali panga ndi chipewa chawo chakutchalitchi. Itafika nthawi yanga ndinakweza sutikesi pa sikelo yawo, yachitsulo, yosapachika. Manambala anaonetsa 22 ndi kakanthu pamwamba. Mayi wa pa kauntala, wa milomo yofiira, anamata pepala pa chogwirira, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Mwalongedza nokha chikwamachi?"

Ababa anatsokomola.

"Ndinalipo polongedza," ndinatero. "Zonse zili umu ndikuzidziwa. Muli zovala, buku, ufa pang'ono, mtedza, mfutso, makaka ndi kalongonda."

Mayiyo anadzutsa mutu. "Kalongonda? Kwanu ndi kuti?"

"Ku Thyolo."

"Ndinadziwa," anatero akumwetulira. "Ife kwathu ndi kwa Goliati. Pitani bwino, achemwali. Geti ndi ilo."

Lamba anayamba kuyenda, sutikesi yabuluu n'kulowa kuseri kwa katani. Ababa anandigwira phewa, n'kundikankhira pang'ono kutsogolo, ndipo ndinapita.